Botolo la Madamu ndi Chitsononkho cha Bambo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 7 pasukulu ya m'mudzi mwathu kufupi ndi Lifuwu, kutabwera mphunzitsi watsopano wochokera kumapiri a ku Dedza. Dzina lawo linali Madamu Chimphamba. Anali aafupi, oyenda mothamanga ngati asiya ndiwo pamoto, ndipo nyanja ankaiopa zedi. Ife ana okulira m'madzi tinkawaseka kuseri, chifukwa ngakhale pochapa ankaima patali n'kumatituma kuti tiwatungire madzi m'ndowa. Koma munthu yemweyo ndi amene sankatha sabata osatiuza za pansi pa nyanja.

Anali ndi buku lakale lopanda chikuto, lonunkha chinyezi, lodzaza zithunzi. Anatiuza kuti kuli nyanja yamchere, yaikulu moti yathuyi ingaoneke ngati chithaphwi. Anati ukamatsika m'menemo kuwala kumanka nakutha mpaka kuli bii ngakhale masana, ndipo kuli nsomba zoyenda ndi nyali zawozawo pamutu. Anthu ofufuza amatsikirako m'tisitima tachitsulo chochindikala, chifukwa madzi akumeneko amapanikiza kwambiri, angathe kuphwanya diramu ngati kachitini ka mkaka. Anzanga ena ankasinza. Ine ndinkamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo poweruka ndinkathamangira kunyumba kukazikhuthulira bambo.

Bambo anga, a Saidi, anali msodzi chiyambire unyamata wawo, ndipo nyengo yololedwa kupha nsomba ankakakhala kuchilumba cha Mbenji miyezi ingapo. Ankandimvera akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, osadzutsa mutu. Sanali munthu wankhanza, koma akanena chinthu chinali chomwecho. Anali atanena kale kuti chaka chimenecho chikatha ndisiya sukulu, ndizikathandiza mayi kuyanika usipa pamathandala, popeza kuwerenga ndi kuwerengera ndinali nditadziwa. Ine ndinkaganiza kuti nkhani zangazo ziwasintha maganizo, osadziwa kuti ndikudzikumbira ndekha dzenje. Tsiku la nkhani ya diramu anaika singano pansi n'kunena kuti sukulu zoona zaithera, tsopano yayamba nthano. Iwo anamirapo kambirimbiri kukamasula ukonde wokodwa pamiyala. Makutu amapweteka, inde, koma madzi kuphwanya chitsulo? Komanso wonenayo n'kukhala munthu woopa kunyowetsa chala.

Mawa lake ndinakalira kwa Madamu mpaka mamina. Sanandinyengerere. Lachisanu masana, bambo atangobwera kuchokera kumzikiti, tinangoona Madamu atulukira pakhomo ndi ambulera yawo. Atapatsana moni, anapempha zinthu zitatu: boti, chingwe chachitali ndi mwala. Anati adzamiza botolo lapulasitiki lopanda kanthu, lotseka bwino, ndipo lidzatuluka litafinyika. Bambo anaseka pang'ono n'kuvomera. Anati likafinyika ndidzalowa Sitandade 8 ndi kulemba mayeso, koma likapanda kutero nkhani ya sukulu isadzamvekenso pakhomo pawo.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, nyanja ili bata. Kwathu mwana wamkazi sakwera boti la ukonde, choncho bambo anabwereka la amalume lonyamula anthu ndi nkhuni, lonunkha petulo ndi utsi. Madamu anakhala pakati penipeni atakumbatira chigubu chopanda kanthu, akuti boti likagubuduzika chiwayandamitsa. Sanayang'ane kumbali ngakhale kamodzi. Titafika poti mitengo ya kumtunda yasanduka kamzere, bambo anazimitsa injini. Anayeza chingwe m'mikwamba monga amachitira asodzi, kutambasula manja onse awiri mpaka mapeto, kufikira mikwamba makumi awiri ndi isanu. Madamu anatseka botolo mwamphamvu, bambo n'kulimangirira kumwala, ndipo tinaliona likutsika, likuyera, kenako lobiriwira, mpaka linazimirira.

Tinadikira kanthawi, kukungomveka madzi akunyambita matabwa. Bambo anayamba kukoka, ine mtima uli m'mwamba. Botolo linatuluka lili bwinobwino, losalala, longonyowa. Madamu anati mwina tafulumira, tiyesenso. Tinayesanso, tinadikira nthawi yaitali mpaka dzuwa linayamba kuwotcha pamutu. Linatulukanso chimodzimodzi.

Sindidzaiwala nkhope ya Madamu. Analitembenuza botolo lija uku ndi uku, kenako anayang'ana bambo.

“Bambo Saidi, sindikudziwa chimene chalakwika. Ndinangowerenga m'buku, sindinayesepo.”

Ine ndinayang'ana kumadzi kuti asaone misozi. Ndinawakwiyira Madamu, ndisaname. Ndinkafuna akanapeka chifukwa chilichonse, ngakhale chabodza, bola tiyesenso mawa. M'maganizo mwanga yunifolomu ndinali nditaivula kale, ndikuona manja anga ali mamba okhaokha.

Koma injini sinalire. Bambo anatenga botolo lija m'manja mwa Madamu, analifinya, n'kulisiya, ilo n'kubwerera mwakale. Anachita zimenezi kangapo. Kenako anayamba kulankhula ngati akudziuza okha, kuti nsomba yogwidwa ndi mbedza zakuya imafika pamwamba maso atatong'oka, mimba itatupa, nthawi zina zam'kati zitatulukira kukamwa. Anaziona zimenezi moyo wawo wonse osafunsa chifukwa chake.

“Chimene chafinyidwa pansi chimatupa chikamakwera,” anatero. “Botolo lanuli, Madamu, likufinyika ndithu kumeneko, koma likubwerera m'chimake lili m'njira. Tikufunsa mboni yoiwala.”

Anatulutsa m'thumba botolo lagalasi limene ankasungiramo tiyi, lotseka ndi chitsononkho monga timatsekera mabotolo a palafini kumudzi. Tiyi wotsalayo anamwa, chitsononkho anachikanikiza ndi chikhatho mpaka chinathina, moti ine nditayesa kuchikankha ndi chala sichinasunthe. Anati galasi silipindika, ndiye ngati madziwo ali ndi mphamvu zoona, alowera pakhomo. Atamangirira, chingwe anapatsa ine.

Chinkadutsa m'zala zanga chikutentha, mwala ukuchikoka. Pokweza ndinakoka ndekha mpaka mapewa anawawa, bambo osandithandiza. Botolo litatulukira, pakamwa pake panali pululu. Chitsononkho chinali m'kati, chikuyandama, botolo lili lodzaza madzi. Bambo anathirako pang'ono padzanja langa ndipo anali ozizirirapo kuposa apamwamba.

“Subhanallah,” anatero bambo chapansipansi, kutamanda Mulungu.

Madamu anaiwala mantha, anasiya chigubu n'kuimirira, boti n'kupendama, iwo n'kukhalanso pansi msangamsanga akuitana Yesu. Aka kanali koyamba kumva bambo akuseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa kuti nyanja yamchereyo, pakuya penipeni, ndi mikwamba ingati. Madamu anati za mikwamba sangathe kunena, koma chingwe chake mutachiyala pamtunda mungayende maola awiri osachimaliza, ndipo malo ambiri a pansi pamenepo palibe munthu anawaonapo. Bambo anayang'ana mulu wa chingwe chathu pamapazi awo, kamulu kochepa konyowa, kenako anayang'ana ine.

“Asiyatu, Lolemba upite kusukulu. Ukamve zotsalazo, uzidzandiuza.”

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku limenelo anapambana ndi Madamu. Ndazindikira nditakula kuti bambo anali atapambana kale kawiri konse, ndipo anadzigonjetsa okha ndi botolo lawo la tiyi.

Lero ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina yoyendera konkuno ku Salima. Zinthu zasintha. Ana anga a sukulu sadikira buku lopanda chikuto, amaonera pafoni makina akuyenda pansi pa nyanja yamchere, akuunikira zamoyo zimene ngakhale Madamu sanazilotepo. Atsikana adzaza mizere yakutsogolo, ndipo ena amandifunsa mafunso onditulutsa thukuta. Komabe chaka chilichonse ndimabwereka boti n'kupita nawo ndi mabotolo awiri, ndipo ndimayamba ndi lapulasitiki osawachenjeza, kuti nawonso alawe kukhumudwa kuja asanayambe kuganiza. Nyanja yamchere ineyo sindinaionebe ndi maso anga. Ndikuyembekeza kuti mwa ana amenewa wina adzatsikirako.

Bambo akalamba tsopano, panyanja sapitanso, koma zotsala zija ndimakawauzabe. Tchuthi chapitachi ndinawaonetsa pafoni nsomba ya nyali pamutu. Anaiyandikizitsa kumaso, anaionera katatu, n'kufunsa kuti imeneyi ingadye nyambo yanji. Titaseka, ndinawafunsa chimene ndinkaopa kufunsa zaka zonsezi, kuti n'chifukwa chiyani sanalize injini tsiku lija botolo litakana kachiwiri.

Anati dzanja linali kale pachingwe cha injini, ndipo mumtima anali atandipezera kale malo pamathandala.

“Koma mayi aja anati sindikudziwa,” anatero akundibwezera foni. “Munthu wabodza sanena mawu amenewo. Ndinaona kuti mwana wanga ndingamusiye m'manja mwawo.”