Kalata Imene Ndinaiwerenga pa Chiliza cha Achimwene

Achimwene anga anathyoka msana atagwa pa thirakitala yonyamula nzimbe, ndipo sanayendenso. Pempho lawo la chipukutamisozi linakanidwa patapita zaka ziwiri. Ndinalemba apilo, n'kudikira zaka zina zitatu. Mwezi uliwonse ndinkapalasa njinga kuchokera ku Mwadzama kupita kuboma, kumene kalaliki wina, yemwenso anali mkulu wa mpingo wathu, ankandiyankha osadzutsa mutu kuti, "Fayilo ikuyenda, aphunzitsi." Pambuyo pake mesenjala ananditsina khutu kuti fayiloyo inagona chaka chathunthu m'kabati mwa kalalikiyo, kudikira kangachepe.

Yankho linafika achimwene atagona m'manda miyezi isanu ndi itatu. Linkawaitana kuti akaonekere okha pamaso pa dokotala.

Kalatayo ndinaisunga mpaka tsiku lodalitsa chiliza. Zotsatira zake ndinazilingalira mofatsa. Ndinkadziwa kuti abambo wansembe adzakhumudwa, ndiponso kuti alamu anga, amasiyewo, adzafunabe saini ya kalaliki yemwe uja. Nditawafunsa, alamu anangoti, "Werengani." Choncho atandipatsa mpata wolankhula m'malo mwa banja, ndinaiwerenga yonse, mpaka tsiku limene inadindidwa. Kenako ndinatembenukira kwa kalalikiyo, amene anali pampando wakutsogolo, buku lanyimbo lili m'manja.

"Akulu a mpingo, munthu mukumufuna uja ndi uyu wagona apayu. Sachokapo. Itanani dokotala wanu."

Palibe mayi amene anayambitsa nyimbo yomupulumutsa. Kuyambira Lamulungu lotsatira kalalikiyo sanaimenso kutsogolo kuwerenga Mawu, ndipo ine mpaka lero sindinaone choti ndilape.