Wailesi Yopanda Msonkho

Ndege ndinaikwera ulendo umodzi wokha pa moyo wanga, kupita ndi kubwera. Nthawi imeneyo ndinali mlangizi wa zaulimi ku Kapelula, woyenda pa njinga yakapalasa m'minda ya fodya, dziko lili m'manja mwa chipani chimodzi. Akuluakulu a ku boma anandisankha kuti ndipite ku Harare kukaphunzira za matenda a fodya.

Pobwerera ndege inachedwa. Tinakhala pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuseri kwa malo odindira mapasipoti kunali masitolo a magalasi okhaokha, amene ankati katundu wake ngopanda msonkho. M'thumba ndinali ndi kandalama kotsala pa alawansi, popeza masabata onsewo madzulo ndinkangodya buledi ndi tiyi. Ndinalowa m'sitolo imodzi maso ali mwazumwazu. Ndinanyamula bokosi la chokoleti, kabotolo ka mafuta onunkhira ndi tayi yamizeremizere.

"Achimwene, tabwezani zimenezo," anatero mayi wina kumbuyo kwanga, m'Chichewa chathu chomwechi.

Anali namwino wa ku Lilongwe, wachikulire ndithu, amene ankayenda kawirikawiri pa ntchito yake. Anandilanda tayi ija n'kuibwezera yekha pa shelefu.

"Musamve kuti mulibe msonkho ndiye muziti zonse zam'muno n'zotchipa. Chokoleti chimenechi chisungunuka musanafike ku Mponela. Tayi muipeza kwa amwenye pa mtengo wotsikirapo. Munayendako m'masitolo a m'tauni muno?"

"Ndinayendamo, mayi."

"Nanga munaona chiyani chimene mtima unafuna koma thumba n'kukana?"

Ndinati wailesi. Ananditengera kumene kunali mawailesi, ndipo ndinaipeza yomwe ija ndinkaisirira m'tauni, yakuda, ya chogwirira chachitsulo, mtengo wake uli pansi kwambiri. Ndinafuna kulipira pompo, koma mayiyo anandigwira mkono. Anauza wogulitsa kuti aike mabatire tiimve kaye. Yoyamba inkalira ngati muli njuchi, anaikana. Yachiwiri inatulutsa mawu oyera. Anafunsanso ngati imadya mabatire akuluakulu opezeka m'magolosale akumudzi, chifukwa wailesi ya mabatire achilendo, anatero, imasanduka mpando wa mphemvu. Pomaliza anamunyengerera wogulitsayo mpaka mabatire oyesera aja anatisiyira momwemo.

"Apa ndiye mwagula," anatero. Kenaka anatsitsa mawu. "Koma imeneyi imakoka kutali. Kumudzi muziisamala pakamwa."

Ndinaseka, n'kuthokoza. Titatera ku Lumbadzi sindinawaonenso.

Ku Kapelula wailesiyo inafika ngati mkwatibwi. Loweruka masana anthu ankadzaza pakhonde pathu kudzamvera mpira. Mkazi wanga ankaipukuta ndi kansalu m'mawa uliwonse, n'kuifunditsa kansalu kena kopeta kuopa fumbi. Amene sankaphonya anali mkulu wina woyandikana nafe, amene anatha unyamata wake wonse m'migodi ya ku Joni. Tonse tinkangowatchula kuti bambo a ku Joni. Ankakhala okha, akazi awo anamwalira, ana ali kutali, ndipo ankalima kamunda ka fodya kosamalika kuposa minda yonse ya m'deralo.

Wina amene ankabwera anali wapampando wa chipani wa nthambi yathu, munthu wamfupi, wa mawu ofewa, wosachedwa kuseka. Tsiku lina anthu atabalalika iye anatsalira, akusisita chogwirira cha wailesi.

"Alangizi, chinthu ngati ichi chimayenera nyumba yofikira alendo a chipani. Inu mumatandala kuminda. Bwanji chizikhala kwathu, muzidzamvera konko?"

Ndinayankha mwaulemu kuti ndi mphatso ya amayi a kunyumba, sindingawalande. Anaseka, n'kundigwira chanza, n'kumapita.

Atangotuluka pampanda mkazi wanga anati, "Abambo, apatseni."

"Ndiwapatse? Ndinagona ndi njala ku Harare chifukwa cha iwowo?"

"Ine ndabadwira kuno. Munthu ameneyu akaseka chotero, kwinakwake kulira maliro."

Sindinamumvere.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, bambo a ku Joni anandipempha kuti ndiwasakire nyimbo za kumigodi. Pakhonde panali anthu angapo. Ndikupotokola kagudumu, mwadzidzidzi panatuluka mawu a mwamuna akulankhula Chingerezi, ndipo tonse tinamva akutchula Malawi, kenaka mawu oti ndende. Ndinazimitsa msangamsanga. Mmodzimmodzi anthu anayamba kukumbukira kuti mbuzi zawo sizinamwe madzi.

Anabwera patapita masiku ochepa, dzuwa lili paliwombo. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo ndinali m'chigafa cha bambo a ku Joni pamodzi ndi alimi ena, tikuyala masamba pamphasa molingana ndi mtundu wake. Tinamva thirakitala ya ku esiteti ikuima panja. M'ngolo yake munatsika anyamata a chipani ovala malaya ofiira, wapampando ali pambuyo pawo. Mmodzi wa anyamatawo ndinkamudziwa bwino. Chaka chapitacho ndinamuphunzitsa ndekha kufesa nazale, ndipo bambo ake anali momwemo m'chigafamo, atagwira tsamba m'manja.

"Chigawenga chija ndi chimenechi," anatero wapampando, mawu ake ali ofewa ngati kale.

Ndinaimirira kuti ndifunse. Sindinamalize ngakhale liwu limodzi. Mnyamata wa nazale uja anasolola mkangala, ndodo yopachikira fodya, n'kundimenya nawo pakhutu la kumanzere. M'mutu munalira ngati belu la sukulu. Ndinagwera pa mulu wa fodya, ndipo enawo anandigwera. Ankaponda ndi jombo m'nthiti, pamsana, m'mimba. Wina anavula lamba n'kumakwapula ndi mbali ya chitsulo. Mkangala ukathyoka ankasolola wina, fodya wopachikidwa n'kumagwa pansi, iwo n'kumamupondaponda. Ndinkamva fungo la fodya ndi magazi m'kamwa. Ndikayesa kuphimba nkhope ankamenya zala.

"Umamvera ndani? Anakutuma ndani ku Harare? Tchula anzako!"

Alimi aja anali ataunjikana kukona, mitu ili pansi. Sindiwaimba mlandu. Aliyense anali ndi ana.

Anandimanga manja ndi chingwe chomangira mabelo n'kundikoka mpaka kunyumba kwanga, mtunda wosatalika. Ndikagwa ankandidzutsa ndi mateche. Azimayi amene ankachokera kumjigo anatula ndowa n'kuthawira m'chimanga. Bambo a ku Joni okha ndiwo ankatitsatira pambuyo ndi ndodo yawo, akukuwa kuti, "Ana inu, mupha munthu! Ana inu!"

Mkazi wanga anali pabwalo akusinja mphale. Atandiona sanakuwe. Anangoima, munsi uli m'manja.

"Mayi, tulutsani wailesi ija," anatero wapampando. "Tikufuna umboni. Ikasungidwa kwathu mpaka mlandu utatha."

Mkazi wanga anandiyang'ana ine, magazi akutsika m'khutu mpaka m'kolala, kenaka anayang'ana wapampando. Analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula wailesi ija ndi kansalu kake komwe, n'kuiika pansi pakati pa bwalo. Wapampando anayamba kuwerama kuti ainyamule.

"Mwati imalankhula zoukira boma?" anafunsa mkazi wanga.

"Kwambiri."

"Ndiye isalankhulenso, kuno kapena kwanu."

Anakweza munsi ndi manja awiri n'kuutsitsa. Wailesi inaphulika ngati chiphwete chouma, mabatire n'kugubuduka m'fumbi. Anamenyanso, n'kumenyanso, mpaka panatsala tizidutswa ndi timawaya. Anyamata aja anangoti kakasi. Wina mpaka anaseka mosafuna.

Nkhope ya wapampando inasintha. Aka kanali koyamba kumuona osamwetulira. Anamuwomba mbama mkazi wanga mpaka mpango unagwa, n'kumukankhira pa mtondo. Mphale inamwazika. Anakwezanso dzanja, koma bambo a ku Joni anali atafika. Anamukola khosi ndi ndodo yawo yokhota n'kumukoka chagada, wapampando n'kugwa chadodolido pamaso pa anyamata ake.

"Mkazi wa mwini sumugwira, mwana wopanda mwambo iwe! Nyimbozo ndinapempha ndine. Menya ine!"

Anyamata aja anawamenyadi. Anandisiya ine n'kuwaunjikira nkhalamba ija. Ndinayesa kudzuka, koma manja anali omangidwa ndipo mwendo wina unakana. Ndinkangoona jombo zikukwera ndi kutsika. Bambowo sanalire. Ankangotukwana m'chilankhulo cha kumigodi mpaka mawu anatha. Wapampando atadzuka anatola ndodo yawo ija n'kuwamenya nayo kumaso. Mkazi wanga anadziponya pamwamba pawo akukuwa kuti, "Mwapha! Mwapha!" Mawu amenewo ndiwo anawaimitsa. Anabwerera m'mbuyo akupumira m'mwamba, akuyang'anana.

Ine anandiponya m'ngolo ya thirakitala n'kunditengera ku Kasungu boma. Msewu wonse ngolo ikadumpha, nthiti zinkandibaya ngati mipeni. Ananditsekera m'chipinda chonunkha mkodzo momwe munali anthu ena ambiri. Wapolisi wina atabwera kudzandifunsa, anafuna aone wailesiyo. Anamubweretsera tizidutswa m'kathumba ka shuga. Anatiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti ichi chinkakoka kunja?"

Sindidziwa ngati chinandipulumutsa n'chimenecho, kapena abwana anga a zaulimi amene ndinamva kuti anayenda m'maofesi kundichonderera. Patatha masiku angapo ananditulutsa, n'kundiuza kuti ndisamale pakamwa, ndiponso kuti fodya akangopita ku okushoni ndisamukira ku Njombwa. Khutu lija silinamvenso mpaka lero.

Kuchokera kupolisi ndinapita molunjika kuchipatala, nditamva kuti bambo a ku Joni agonekedwa kumeneko. Ndinapeza mkazi wanga atakhala pansi pambali pa bedi, tsaya lili lotupa, akuwamwetsa phala bambo a ku Joni. Anawabweretsa pa ngolo ya ng'ombe tsiku lomwe lija. Mutu wawo unali wokulungidwa ndi mabandeji. Diso lamanja linali litaphulika, ndipo lamanzere linkangoona mbuu.

Ndinagwada pambali pa bedi. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Alangizi, kodi mwatuluka? Siyani zimenezo. Ine mwala unandiphonya pansi pa nthaka ku Joni, ndiye ndizilira ndi tiana ta dzulo? Chikundiwawa n'chimodzi. Fodya wanga ali pansi m'chigafa, ndipo maso osiyanitsa tsamba lofiira ndi lachikasu ndilibenso. Chiswe chimaliza."

"Ndikasankha ndine, bambo."

"Ndi nthiti zimenezo?"

"Ndikakhala pansi."

Nditabwerera ku Kapelula ndinapeza chigafa chili momwe anachisiyira. Mikangala yothyoka inali mbwee, masamba ena ataphwanyika, ena ali ndi madontho akuda a magazi anga. Mkazi wanga anasesa, ine ndinakhala pamphasa nditatsamira nsanamira n'kuyamba kutola tsamba limodzilimodzi. Kuwerama kunali kosatheka, choncho iye ankandiikira masamba pamiyendo. Za wailesi sitinazitchule, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Tsiku loyamba tinagwira awiriwiri. Anthu ankadutsa panjira osayang'ana n'komwe kuchigafa. Tsiku lachiwiri kunabwera mayi wina wamasiye, anangopereka moni n'kukhala pansi, n'kuyamba kumanga masamba m'timitolo. Chakumasana kunabwera amuna awiri, aja anali kukona tsiku lija. Sanandiyang'ane kumaso, ndipo ine sindinawafunse kanthu.

M'mawa wotsatira pakhomo pa chigafa panaima bambo a mnyamata amene anayamba kundimenya. Anavula chipewa n'kuima nthawi yaitali, osalowa.

"Alangizi," anatero, "mwana uja ndi wanga. Ndilibe pogwira."

Mkazi wanga anasiya kusankha n'kundiyang'ana. M'mtima mwanga munali moto, ndipo mawu oipa anali kale palilime. Koma ndinaona kuti bamboyo wabwera ndi jeke yake yodindira mabelo, ataikoka pa wilibala kuchokera kutsidya la dambo, podutsa pakhomo pa wapampando penipeni.

"Lowani nayo," ndinatero. "Muiike uko, pouma."

Tinadinda mabelo onse sabata imeneyo. Fodya wambiri anali atawonongeka, koma wotsalayo anapita ku okushoni pamodzi ndi wa anthu ena. Bambo a ku Joni anatuluka m'chipatala lole yotisamutsa itabwera kale. Mwana wawo wamkazi anachokera ku Dowa kudzawasamala, ndipo ndiye anawagwira dzanja kuwabweretsa pamsewu kuti adzatitsanzike. Anandipapasa kumaso ndi zala zawo zokhakhala, kenaka anapapasa mkazi wanga.

"Mayi, dzanja lanu ndi lolemera," anatero, akuseka ndi mano otsala. "Alangizi, muziwaopa awa."

Dalaivala analiza hutala. Tinakwera pamwamba pa katundu, mkazi wanga atakhala mbali ya khutu lakumva, ndipo lole inanyamuka kulowera ku Njombwa.