Mawaya Awiri Amene Ndinasemphanitsa

Mzungu amene ankayang'anira siteshoni ya zanyengo kunja kwa Chipata atapakira katundu wake, anandisiyira makiyi, buku lachingelezi lothothoka masamba, ndi makina atsopano oyezera mphepo ali m'bokosi chimangire. Kulikulu ku Lusaka anati andiyesa miyezi itatu. Ndikalephera abweretsa wina, ine ndibwerere kokayeza madzi a mvula m'chitini.

Makinawo anali pawiri. Pamwamba pa mlongoti pankakhala timakapu tozungulira ndi muvi woloza kochokera mphepo. Mu ofesi munali bokosi lokhala ndi cholembera chojambula zonsezo papepala. Ntchito yanga inali yoti ziwirizi zimvane kudzera m'mawaya asanu ndi imodzi. Masiku anayi ndinakwera ndi kutsika mlongoti uja mpaka miyendo kuchita dzanzi. Timakapu tinkangozungulira, cholembera chili duu ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Tsiku lachisanu chinagwedezeka. Mphamvu yosangalalira ndinalibe, ndinangokhala pansi.

Kwa masabata atatu ndinatumiza mapepala kulikulu, ndikuyenda chifuwa patsogolo. Tsiku lina m'nyengo yozizira mkazi wanga anandibweretsera chakudya kuchokera kunyumba ku Kapata, nandifunsa kuti timizere ta papepalato tikuti chiyani.

"Tikuti mphepo ikuchokera kumadzulo," ndinatero.

"Kumadzulo? Bambo, mwezi wonse uno ndikupeta nsawa, makoko onse akuthawira kumadzulo komweko. Kapena mashini anuwa sanazolowere kuno?"

Ndinamuuza mokalipa kuti sayansi si za palichero. Atapita ndinatapa fumbi n'kuliwaza m'mwamba. Linalowera kumadzulo. Ndinali nditasemphanitsa mawaya awiri, ndipo mapepala onse amene ndinatumiza anali abodza.

Kukonza mawayawo sikunachedwe. Chimene chinandivuta ndi kalata yovomera kulakwa. Ndinkatha kungokhala chete, koma ndinkaganiza za anthu kulikuluko akuwerenga bodza langa n'kumauza oyendetsa ndege. Ndinailemba kanayi, kachisanu n'kuitumiza. Zitatero ndinadikira kuchotsedwa. Nkhawa inandidya mpaka lamba ndinaboola bowo lina, ndipo galimoto iliyonse yokhotera kusiteshoni ndinkati yabweretsa wondilowa m'malo.

Miyezi itatu itatha kunabwera kalata ya mizere iwiri yonditsimikiza pa udindo. Za mawaya sanatchulemo. Ndinati mumtima, anthu awa ndi achifundo, ayamikira kuti ndinanena zoona. Ndinafika pouza anzanga kutchalitchi kuti kuona mtima kumapindulitsa.

Chaka chotsatira anandiitana kulikulu kukachita maphunziro. Kalaliki wina anandituma kukatenga mpando m'chipinda chosungiramo katundu. Pakona panali mulu wa maenvulopu omangidwa ndi chingwe, fumbi lili mbuu. Ndinazindikira kalembedwe kanga. Mapepala abodza anali pomwepo, oona analinso pomwepo, ndipo pakati pawo panali kalata yanga ija, yomata monga ndinaimatira ndi malovu anga.

Ndinaiyang'ana kanthawi, kenako ndinaibwezera pamalo pake n'kunyamula mpando.