Mboni za Galimoto ya Bambo

Galimoto yoyamba ya bambo inali ya matayala atatu. Kanali kabuluu, kakang'ono ngati bafa, ka mpando umodzi wokha pakatikati. Boma linkabwereketsa timagalimoto timeneti kwa anthu olumala, ndipo bambo anakalandira sitiroko itawafooketsa mwendo wakumanzere. Mkati munali kachikwangwani koletsa kunyamula munthu wina aliyense. Ndiye Lamlungu bambo ankanyamuka okha kupita kutchalitchi ku Tottenham, dera lina la London, phuphuphu, utsi kumbuyo, mayi ndi ine tili chilili pa siteji ya basi ku Edmonton, mvula ikutikwapula. Ana a mumsewu mwathu ankakaseka kagalimotoko, ndipo mmodzi ndinamugulula dzino. Bambo sanandiyamike. Anangoti, "Wamenyera chiyani mwana wa eni? Akunena zoona. Iyi si galimoto, ndi nsapato. Nsapato ndi imene amavala munthu mmodzi."

Bambo anathawa kwathu pa nkhani za ndale ine ndili wamng'ono. Kumeneko anali mphunzitsi wamkulu, khomo lawo losatha alendo. Ine mwana wawo mmodzi yekhayo sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nditamuponyera mphunzitsi chofufutira bolodi. Ndinakalowa ntchito pa galaja ya matayala, laisensi n'kuipeza msanga, chifukwa zimenezo ndiye mutu wanga unkagwira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera dongosolo latsopano. Wolumala ankatha kupatsidwa galimoto yeniyeni, yatsopano, kwa zaka zingapo, kenako n'kuibweza. Siinali yako ayi, inali yobwereka, ndipo boma linali ndi diso pa iyo. Nthawi imeneyo mkono wa bambo unali utafookanso, ndiye pa fomu panafunika dzina la woyendetsa. Analemba langa! Langa, ine wothawa sukulu! Panali mapepala ambiri a malamulo, koma ndinangosaina. Zowerenga mapepala ataliatali ndinazisiya limodzi ndi yunifolomu.

Tsiku lokaitenga sindidzaliiwala. Yofiira psuu, zitseko zinayi, mipando ikadali m'mapulasitiki. Nditatembenuza kiyi injini inangoti mmmm ngati mphaka wakhuta. Ndinazungulira msewu wathu katatu ndisanaime, ndikuliza hutala ngati pali ukwati. Mayi anatuluka ndi chikombe m'manja n'kuyimba nthungululu pakati pa Edmonton, makatani a nyumba zonse n'kugwedezeka. Bambo tinawalowetsa kutsogolo, mayi kumbuyo, ine pachiwongolero. Bambo anatembenuka movutikira n'kufunsa, "Amayi, mwakhala bwino kumbuyoko?" Mayi anaseka mpaka misozi. Zaka zonse zija awiriwa anali asanakwerepo limodzi m'galimoto imodzi.

Mbiri inathamanga kuposa galimotoyo. Lamlungu lomwelo mpingo wonse unatuluka kudzaigwiragwira, mkulu wa mpingo n'kuipempherera dzanja lili pa boneti. Kenako foni inayamba kulira. Wina mkazi wake wayamba kumva zowawa, akufunika kuchipatala. Wina mphwake akutsika ndege, wabwera kudzaphunzira. Wina kwagwa maliro kumudzi, anthu akusonkhana kunyumba kwake kudzakhuza. Bambo mawu oti ayi sankawadziwa, ndipo foni ikamalira nkhope yawo inkawala ngati abwerera pa uphunzitsi.

Kungoti kulowa ndi kutuluka m'galimoto kunkawapweteka m'chiuno, ndiye patatha miyezi yoyamba anayamba kutsala. Ankandipatsa chipewa chawo chakuda n'kunena kuti, "Chiike kutsogoloko. Ukapita iwe ndapita ine." Chipewa chija chinayenda London yense. Anthu akachiona ankadziwa kuti bambo atuma, ndipo azimayi ena ankachita kuchipatsa moni mwanthabwala. Mwini wake ali phee pampando wa pawindo.

Panalinso ulendo wina umene chipewa chinkadziwa koma mwini wake osadziwa. Ku Greenwich, kutsidya kwa mtsinje waukulu wa mumzindamo, kunali mtsikana wa kwathu amene ankaphunzira unamwino. Loweruka lililonse masana ndinkatsuka galimoto mpaka kudziona nkhope pa chitseko, n'kuwauza bambo kuti ndikukatenthetsa injini, chifukwa galimoto yatsopano siifuna kungokhala. Basi ndinkadutsa mumsewu wa pansi pa mtsinje uja, wailesi ili pamwamba, mtima ukudumpha ngati wa mwana wa mbuzi.

Ndiye kunabwera kalata. Munthu wina wa mumsewu mwathu anakanena ku ofesi yoyang'anira magalimotowa kuti yathu imangoyenda yodzaza anthu ndi matumba, wolumalayo osaonekamo. Ofesi idzatuma munthu Lachiwiri m'mawa kudzafufuza, ndipo akapeza kuti malamulo athyoledwa galimoto ilandidwa. Ndinamenya tebulo, makapu n'kudumpha.

"Ndikagogoda khomo lililonse mpaka ndimupeze kazitape ameneyu!"

"Khala pansi," anatero bambo. "Mkwiyo wako unakutulutsa m'kalasi. Usatitulutsenso m'galimoto."

Mayi, mwachisoni chawo, anakauza anzawo a mvano Lachinayi kuti tili ndi mlandu ndi boma. Paja kwathu munthu sapita yekha pa mlandu. Amene unawachitira zabwino amabwera kudzakhala kumbuyo kwako, kudzanena za khalidwe lako. Ndiye Lachiwiri lija, nthawi isanakwane n'komwe, belu linayamba kulira. Anthu anajomba kuntchito. Amuna m'masuti, akazi m'zitenje pansi pa majasi. Pabalaza panadzaza, ena pamasitepe, ena kukhitchini akukazinga mandasi. Ine ndinasangalala zedi. Ndinati lero boma liona kuti si ife anthu wamba!

Wofufuzayo anali mzimayi wachizungu, wamfupi, wa magalasi ndi chikwama chachikopa. Anayamba wazungulira galimoto, kusuzumira mkati, kulemba mtunda umene yayenda. Atalowa m'nyumba anaima pakhomo, maso tong'o.

"Pepani, kodi pachitika zovuta?"

"Ayi, mayi, khalani apa," anatero mkulu wa mpingo, akumupatsa mpando wabwino koposa. Kenako moni unayamba, mmodzimmodzi, aliyense kugwira chanza dzanja lina lili pachigongono. Tiyi anafika moni usanathe.

Mkulu wa mpingo anaimirira, n'kukonza tayi, n'kuyamba m'Chingelezi chake cha paguwa. Anati tabwera kudzachitira umboni kuti galimoto iyi siinagonepo ulesi. Anati iye yekha yamunyamula kupita kumisonkhano ya mpingo kosawerengeka.

"Bambowa anali momwemo?" anafunsa mzimayi uja, cholembera chili m'manja.

"Ayi, ayi! Bambo wathuyu ndi munthu wopatsa. Amangotumiza."

Analemba. Anthu n'kuwomba m'manja.

Apo m'pamene ndinayamba kuzindikira. Ndinayang'ana cholembera chija chikuyenda, n'kukumbukira mawu a m'kalata aja. Ndinatsokomola mwamphamvu. Palibe anandimva. Anaimirira bambo wina amene anali ndi kagolosale ku Tottenham.

"Ine, mayi, Lachisanu lililonse mnyamatayu amandinyamulira matumba a ufa ndi nyemba kuchokera kogula zambiri. Osalipira ngakhale kakobiri!"

"Ufawo mumagulitsa?"

"Kwambiri! Umatha Loweruka lomwelo."

Ndinatsokomolanso, ndikumutsinzinira diso. Iye anangondimwetulira n'kunditukulira chala chachikulu. Wina anandipatsira madzi akumwa. Umboni unapitirira, wina pambuyo pa mnzake, aliyense kufuna kuposa amene wangokhala pansi. Mawu alionse okoma anali msomali pabokosi la galimoto yathu.

Wotsiriza anali mayi wina wachikulire wa mvano, amene Chingelezi chake chinali chochepa, ndiye mkulu wa mpingo ankamasulira.

"Muwauze kuti ngakhale mwanayu alibe tsankho. Loweruka lililonse amakatenga kanamwino kaja ka ku Greenwich, kamwana kamasiye kopanda abale kuno. Ndinawaona ndi maso angawa m'mbali mwa mtsinje, akudya tchipisi papepala limodzi."

Mkulu wa mpingo anamasulira mpaka pakati, n'kuima. Mayi anga anati, "Ha!" Bambo anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

Ine ndinaphulika. Ndinayamba ndi mzimayi uja, m'Chingelezi cha pagalaja, kuti mumangobwera kudzazonda anthu osauka, kagalimoto ka matayala atatu kaja kakugubuduka ndi mphepo munali kuti? Kenako ndinatembenukira anthu athu m'Chichewa. "Mwatimaliza! Mwabwera kudzatithandiza kapena kudzatiika m'manda? Simukuona kuti akulemba?"

Gu! Ndodo ya bambo inagunda pansi.

"Iwe. Anthu awa ndi makolo ako. Pepesa."

Ndinapepesa, mano ali gwa. Mzimayi uja sanatekeseke. Anavula magalasi n'kundiyang'ana ine, osati bambo.

"Mnyamata, ntchito yanga ndi iyi. Galimoto izi zimachokera m'thumba la anthu onse, ndipo zimaperekedwa kuti munthu amene sangathe kuyenda atuluke m'nyumba. Ndalowapo m'nyumba zambiri mmene galimoto ili kwa mdzukulu, mwini wake akungoionera pawindo." Kenako anatembenukira bambo. "Inuyo munaikwera liti komaliza?"

Bambo anaganiza. Anayang'ana mayi. "Pa Isitala," anatero.

Kunja masamba anali atayamba kale kuyoyoka m'mitengo. Mkwiyo wanga wonse unangoti zilala. Ine amene ndinagulula mwana dzino chifukwa cha bambo, ndinali nditayendetsa chipewa chawo miyezi yonseyo, iwo ali pawindo, ndipo sindinaonepo cholakwika.

Bambo anayesa kufotokoza kuti kwathu munthu akatuma mwana wake, wapita yekha. Mzimayi uja anamvetsera bwinobwino. Anati akumva, ndipo ulendo wokawagulira mankhwala kapena zinthu za m'nyumba mwawo ulibe mlandu ngakhale iwo atatsala. Koma matumba a malonda ayi, ndipo maulendo a mnyamata pa zofuna zake ayi. Anati zimene walemba n'zokwanira kuti galimoto ipite.

Mayi anga anagwira kumutu. Wagolosale uja anangoti zyoli. Bambo anatambasula dzanja lawo labwino lija.

"Tandipatsa chipewa changa."

Ndinathamanga kukachitenga m'galimoto. Anachisasa fumbi, n'kuchivala m'nyumba momwemo, pamaso pa alendo.

"Mayi, ndifunse. Ngati ine ndili mkati, ndipo ndafuna ndekha kupitako, kaya n'kumaliro, kaya n'kubwalo la ndege, pali mlandu?"

"Ngati si zamalonda, palibe."

"Ndiye lembani kuti kuyambira lero ndili mkati."

Mzimayi uja anawayang'ana, n'kulemba mzere umodzi. Anati galimoto itsala, koma abweranso pakatha miyezi itatu, tsiku limene sadzatiuza. Eee! Nyumba inagwedezeka! Nthungululu, m'manja, mayi wa mvano uja n'kuyambitsa nyimbo ya chiyamiko ngati si iye amene anangotsala pang'ono kutiphetsa. Mlendo wathu anatuluka tsitsi lili nyankhalala chifukwa chokumbatiridwa, mandasi okulunga m'pepala ali m'chikwama chachikopa chija.

Za ku Greenwich palibe anatchula mlungu wonse, ndipo ine ndinati zatha basi, ndizikwera basi ngati kale. Loweruka masana ndinangokhala kukhitchini ndikusenda mbatata mokwiya. Ndinamva ndodo, gu, gu, gu. Bambo anali ataima pakhomo, suti ya Lamlungu, tayi, chipewa kumutu.

"Tiye."

"Kuti, bambo?"

"Kukatenthetsa injini. Paja galimoto yatsopano siifuna kungokhala."

Tinanyamuka. Titalowa mumsewu wa pansi pa mtsinje bambo anagwira chitseko n'kufuula, "Madzi ali pamwamba pathu? Onsewo?" Anaseka ngati mwana, n'kundiuza kuti pobwerera tidzerenso momwemo. Nditaimika galimoto pakhomo pa nyumba ya anamwino ndinaliza hutala monga mwa nthawi zonse. Mtsikana uja anatuluka akuthamanga, akumwetulira, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo. Anapeza chipewa chija chili ndi mutu mkati. Anagwada pomwepo pa simenti yonyowa, manja pamodzi.

"Dzuka, mwanangu, ungadetse diresi," anatero bambo. "Lowa kumbuyoko. Kwanu n'kuti?"

Tchipisi tinadya atatu tsiku limenelo, aliyense papepala lake, bambo akufunsa mafunso ngati ali m'kalasi. Pobwerera anandiuza kuti mwana wa eni sazunguliridwa m'mbali mwa mtsinje ngati alibe kwawo, ndipo mkulu wa mpingo alembe kalata kwa amalume ake.

Kuyambira pamenepo bambo sanatsalenso. Chiuno chinkawapwetekabe, ankalowa m'galimoto akubuula, koma foni ikalira iwo ndiwo ankayamba kufunafuna nsapato. Wagolosale anagula kangolo kake.

Mzimayi wa magalasi uja anabweradi, m'mawa wina kukuzizira. Anapeza mayi okha, pamalo oimika galimoto pali mbee. Anadikira mpaka masana, makapu atatu a tiyi. Titafika, bambo anatsitsa galasi n'kumukweza chipewa.

"Pepani, mayi, mwadikira. Tinakalandira mwana wa mnzathu kubwalo la ndege. Mukulowera kuti? Kumbuyoko malo alipo."