Khola la aPetro la m'laputopu

APetro Sakala a kwa Mkaika anali munthu wa ng'ombe, mkulu wa mpingo wosaseka wamba. Matenda a chigodola atasesa khola lawo, anthu ankanong'ona kuti mkuluyu atsatira ziweto zake. Mwana wawo wa ku Lusaka ndiye anawatumizira laputopu yokhala ndi gemu yaulimi kuti mtima ukhaleko pansi. Pasanathe miyezi itatu anali ndi ng'ombe khumi ndi ziwiri m'makinamo, iliyonse ndi dzina lake.

Chowanyansa chinali chimodzi: ng'ombezo sizinkamva njala. Ananyamula laputopu ulendo ku Katete, kwa Ronald wokonza mafoni pamsika.

"Ng'ombe yanji yosalira msipu? Izi n'zidole," anadandaula.

"Kuli ma mod, tate, tumafayilo towonjezera mu gemu," anatero Ronald. "Nikaikamo aka zizamva njala, zizadwala, olo kufa. Koma mukachokapo muziimitsa. Tsiku limodzi kuno, mu gemu ni mwezi."

"Unaona kuti khola loimitsa, iwe?"

Ronald anangokopera fayiloyo n'kuyatsanso gemu. Ng'ombe imodzi inalira, ndipo mkulu wa mpingo anaseka mpaka ogulitsa tomato anatembenuka.

Lachinayi alamu awo anamwalira m'mudzi momwemo. Pamaliro khasu siligwiridwa, ndipo kwa aPetro laputopu inali khasu basi. Anaisiya yoyaka pa batire la sola, napita kukagona kusiwa masiku atatu. Za Ronald zija zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Atabwerera anapeza khola lili mbee! Anadina uku, anadina uko. Panalibe mtembo, panalibe ndi chikopa chomwe. Anakhala pansi jekete lili m'manja, kukamwa kuli yasa. Kunena zoona, kumanda sanaoneke chonchi.

"Mayi, mwakhudza makina anga?" anafunsa akazi awo, aYunesi, amene ankalowa ndi lichero.

"Ine? Si munati wokhudza makinawa adzaona zakuda?" AYunesi anatula licherolo. "Ndinabwera kawiri kudzatapa ufa wa pamaliro. Zinkalira, bambo, zonse pamodzi, mpaka ndinatseka makutu. Dzulo ndinapeza yatsala imodzi, yaima pachipata, ikulirabe. Ndinaima pomwe mwakhalapo, manja ndili nawo, n'kutuluka."