Uthenga unandipeza ndekha m'munda

Linali Lachitatu, 10 koloko m'mawa, sabata yoyamba yomweta mpunga ku Hara. Ndinali ndekha m'munda, zenga lili m'manja, pamene foni inalira m'chitenje.

Amuna anga anali ku Kyela, tsidya la Songwe, kumene ankakagulitsa mpunga. Iwo Chiswahili ankachidziwa, ine ayi. Mwana wathu wamkazi ndiye anandiikira m'foni chomasulira mawu: ukadina pa Chiswahili, chimatuluka Chichewa, chomwe ndinaphunzira kusukulu mpaka sitandade faifi. Chinkandithandiza, sindikana. Ogula akalemba kuti lole ibwera Lachisanu, ndinkamva ndekha osakavutitsa munthu.

Uthenga wa tsikulo unachokera pa nambala ya amuna anga, koma unali wa Chiswahili. Ndinadina monga mwa masiku onse. Panatuluka mawu akuti: "Mwini foni iyi wamwalira lero m'mawa m'chipatala. Achibale abwere kudzatenga thupi."

Kwathu imfa sainena choncho. Amatuma akuluakulu awiri. Amafika pakhomo, amakhala pansi, amakufunsa mmene wadzukira, amadikira amayi anzako abwere akuzungulire. Akatero amayamba ndi kunena kuti matenda akula. Ine ndinagwa paziputu za mpunga popanda wondigwira. Mayi wa munda woyandikana ndi wanga anandipeza dzuwa lili pamutu.

Maliro atatha, mtima sunakhazikike. Ndani analemba? Kapena munthuyo analemba mofatsa, foni n'kudula mawu ena? Ikadula, ine ndingadziwe bwanji? Mwana wanga ankati, "Amayi, makinawa sanama." Ine ndinkati, "Iwe unawaona akulumbira?"

Ndinakwera minibasi kupita ku Songwe, kwa mayi wina wogulitsa zitenje amene tinkapemphera limodzi kale. Anawerenga chamumtima, naika foni chafufumimba pamphasa.

"Mwadya, asisi?"

"Ndiuzeni kaye."

"Mudye kaye."

Nditadya anandiuza kuti foni sinaname, mawu ake ndi omwewo. Koma pansi pa uthengawo panali nambala ina, ndipo anaimba. Anayankha bambo amene ankadikirira m'bale wake pabedi loyandikana ndi la amuna anga. Analankhulana nthawi yaitali, ine ndikungoyang'ana milomo.

Atadula, mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Akuti bamboyo Chichewa amachidziwa ndithu, ankagwira ntchito kuno kumalire. Amuna anu anamuuza kuti inu Chiswahili simumva. Ndiye bamboyo analemba uthengawu dala m'Chiswahili, kuti mupite nayo foni kwa munthu wamkulu, iyeyo awerenge, aitane anthu, akuuzeni muli pakati pawo."

Munthu wosandidziwa, wa dziko lina, anandiganizira mpaka pamenepo. Chomasulira chija sichinafunse kuti wowerenga ndani, ali ndi yani, waima kapena wakhala. Chinangondipatsa.

Sindinachichotse m'foni. Ogula amalembabe, ndipo mpunga ndikugulitsa ndekha tsopano. Koma ndimadina pokhapokha ndikaona nambala ya matumba kapena dzina la tsiku, pakuti zimenezo ndinaziphunzira. Uthenga wina uliwonse wa chilankhulo chomwe sindimva sindiukhudza. Ndimamanga foni m'chitenje, ndimapita nayo kwa munthu, ndimakhala pansi, iye n'kuwerenga.