Funso la Tadala pa phunziro la mvuu

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ku Sande sukulu ndimaphunzitsa ana kuti mvuu anailenga ndi Mulungu, ndi mphamvu zake zonse zija, ndipo anaona kuti n'zabwino. Ndinaiwaliratu kuti m'gulumo muli Tadala, mwana wa malemu a Banda aja anaphedwa ndi mvuu kudimba ku Bua.

Anzake akujambula mvuu, iye anangokhala, pensulo ili m'manja. Kenako anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye ija inapha ababa inalinso yabwino?"

Sanalire ayi. Amangondiyang'ana, kudikira yankho. Ine ndinangoyambitsa nyimbo. Anzake onse anayimba, iye sanayimbe nawo.

Mpaka pano chakudya sichikulowa. Amalume, inu ndinu mkulu wa mpingo, kodi Lamulungu likubwerali ndikamuuze chiyani mwanayu?